Ulendo wa ku Kasina pa Galimoto ya Kaunjika

Amene mumayenda pa msewu waukulu wochokera ku Lilongwe kupita ku Dedza mudziwa kuti munthu akapitirira Nathenje dziko limayamba kukwera pang'onopang'ono, ndipo mphepo yolowera pa zenera imanka nizizira. Pa Kamphata phiri la Nkhoma limaonekera kumanzere, litaima lokha pakati pa minda. Mukaoloka mtsinje wa Diamphwe mwalowa m'boma la Dedza, ndipo posakhalitsa muli pa Linthipe. Pamenepo ndi pamene ife timasiya msewu waukulu kuti tilunjike ku Kasina, kwao kwa mayi a kunyumba kwathu. Njira imeneyi tayendamo zaka zoposa 20, poyamba pa basi ndi pa njinga, pambuyo pake pa matola, ndipo kuyambira chaka cha 2019 pa galimoto yathuyathu. Ulendo umene tifuna kukusimbirani ndi wa mwezi wa Seputembala 2024, pamene tinapita kukatenga apongozi athu kuti tikawaperekeze ku chipatala cha maso ku Nkhoma. Ng'ala inali itawaphimba maso onse awiri, ndipo anatiuza kuti tikafike nawo Lachiwiri m'mawa.

Tiyambe ndi galimotoyo, pakuti nkhani yonse yagona pa iyo. Ndi Subaru Legacy ya chaka cha 2005, ija yaitali kumbuyo, yokhala ndi chitseko chachisanu chopakirira katundu. Inatsika sitima pa doko la Dar es Salaam nilowa m'dziko muno pa chipata cha Songwe, iri ndi nambala zija zongoyendera pa njira zimene zinapatsa galimoto zoterezi dzina lakuti ma IT. Ana athu amaitcha ya kaunjika, ndipo sanama, pakuti tinaivala wina ataivula kale. Ku Japan lamulo limafuna kuti galimoto yatsopano iyesedwe ikatha zaka 3, ndipo kuyambira pamenepo zaka 2 ziri zonse. Kuyesako kumadya ndalama zambiri, kotero kuti eni ake ambiri amagulitsa galimoto zikali zolimba. Popeza kumeneko amayenda kumanzere kwa msewu monga ife, chiwongolero chimakhala mbali yoyenera, ndipo ndicho chifukwa chake misewu yathu yadzala ndi galimoto zimene iwo anatopa nazo.

Yathuyi tinaipeza pa mtengo wotsika chifukwa iri ndi turbo, ndipo anthu ochenjera amaziopa zoterezi. Mkulu wina wa mpingo, amene anagwira ntchito ya udalaivala moyo wake wonse, anaizungulira kawiri tsiku loyamba limene tinapita nayo ku tchalitchi, nati: "Mwagula ng'ombe ya mkaka ya chizungu. Idzakupatsani mkaka wambiri, koma si ng'ombe yathu ija yongoitsegulira khola m'mawa n'kuiiwala. Mukaiphonyetsa chakudya tsiku limodzi, mudzamva." Mau amenewo tinawaseka, koma tinawasunga.

Mwina ena mwa owerenga athu sadziwa kuti turbo n'chiyani, ngakhale dzinalo amaliona pa malole. Amene munaonako wosula akugwira ntchito mukumbukira kuti makala ake sayaka kwenikweni popanda mvukuto. Injini nayonso ndi moto: imasakaniza petulo ndi mpweya, ndipo ukachuluka mpweya moto umakula, mphamvu nayo imakula. Turbo ndiyo mvukuto wa injini. Utsi wotentha umene ukanangotayika ku ekizozi amaudutsitsa pa kagudumu ka mapiko, ndipo kagudumuko pozungulira kamazungulitsa kanzake kamene kali pa mtanda womwewo. Kachiwirika ndiko kamakankhira mpweya m'injini. Nzeru imeneyi ndi yakale, pakuti munthu wa ku Switzerland dzina lake Alfred Büchi anailembetsa m'chaka cha 1905. Chimene chimadabwitsa ndi liwiro lake: timagudumuto timazungulira koposa 100,000 pa mphindi imodzi, tiri m'kati mwa utsi wotentha kwambiri, ndipo kamtanda kaja sikakhudza chitsulo koma kamayandama pa oyilo wopyapyala kuposa pepala. Oyiloyo akada kapena akachepa, turbo imatha pa kanthawi kochepa.

Ku mapiri kuno ubwino wake umaoneka. Lilongwe ali pa mamita pafupifupi 1,050 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo boma la Dedza liri pa mamita pafupifupi 1,600. Pokwera, mpweya umanka nupepuka, ndipo injini wamba imataya magawo 3 mwa 100 a mphamvu yake pa mamita 300 ali onse. Ndicho chifukwa chake minibasi yodzala imalira momvetsa chisoni pa zikweza za ku Dedza. Turbo imabweza mpweya wotayikawo, motero galimoto yathu, ngakhale injini yake ndi ya malita 2 okha, imakwera ngati iri pa chigwa. Ndiponso matayala ake onse anayi amakoka, chinthu chimene chatipulumutsa kangapo m'matope a mwezi wa Febuluwale, pamene misewu ya kumudzi imaterera ngati therere.

Koma ife si anthu olemera, ndipo kusunga ng'ombe yotereyi pa malipiro a pamwezi kwatiphunzitsa kuwerengera. M'kabokosi ka kutsogolo mumakhala kope la ana a sukulu m'mene timalemba tsiku, makilomita ndi chiri chonse chimene tagula. Kunyumba kuli envelopu imene timaponyamo kangachepe mwezi ndi mwezi titangopatula chakhumi, ndipo mayi a kunyumba ndiwo amaisunga, pakuti amatidziwa. Oyilo ndi sefa yake timasintha pa makilomita 5,000 ali onse, ndipo sitigula oyilo wa m'mabotolo osamata wogulitsidwa m'mbali mwa msewu. M'mawa sitiithamangitsa injini isanatenthe. Tikakwera phiri kapena tikayenda ulendo wautali, sitizimitsa pomwepo, koma timadikira mphindi imodzi kapena ziwiri kuti oyilo apitirize kuzungulira mpaka turbo itapolako; ukazimitsa msanga, oyilo wotsalira m'menemo amapsa n'kusanduka makala amene amatseka njira. Matayala timagula anayi ofanana nthawi imodzi, ngakhale kutero kumawawa, chifukwa galimoto yokoka matayala onse ikavala ena aakulu ena aang'ono imadya magiya ake. Lamba wa taimingi tinasintha itangofika, osakhulupirira makilomita olembedwa pa wotchi yake. Lambayo amayenera kusinthidwa pa makilomita 100,000, ndipo akaduka pa injini yotereyi mapisitoni amaomba mavaluvu, ndiye kuti injini yatha.

Tinaisinthanso mwina ndi mwina, pakuti inapangidwira misewu yosalala ya kwao. Inali yotsika kwambiri, ndipo pa ulendo woyamba wa ku Kasina mimba yake inakhula mizere ya pakati pa msewu mpaka mtima wathu unali m'mwamba. Amisiri a ku Biwi anaikweza pang'ono poika timphete pamwamba pa mashoko, ndipo anatisulira chitsulo chophwatalala chotchinga pansi pa injini kuti mwala usaboole posungira oyilo. Kumbuyo tinayala mphira wokhuthala chifukwa cha matumba a mbatatesi, mbuzi za chinkhoswe ndi miphika ya amayi a Chigwirizano. Zonsezi palibe amene amaziona galimoto ikamadutsa.

Zinthu zinayamba kuthina pamene kwacha inagwa mphamvu, poyamba ndi magawo 25 mwa 100 mu Meyi 2022, kenaka ndi magawo 44 mu Novembala 2023. Chipangizo chiri chonse cha galimotoyi chimachokera kunja, motero envelopu imene kale inkakwana inayamba kuperewera. Tinayamba kuyendayenda m'mashopu a ku Malangalanga, kufunsa kuno ndi uko, ndi kugula zipangizo zochotsa ku galimoto zakufa pamene kutero kunalibe choopsa. Galasi, chitseko kapena nyali zakale ziribe vuto. Lamba, mabuleki ndi oyilo sitinagulepo zakale.

Tsono tiri ndi mwana wamwamuna, wachisamba, amene pa nthawiyo anali ndi zaka 19, atangolemba mayeso a Fomu 4. Ndi mnyamata wofatsa, woimba kwaya, ndipo manja ake ndi aluso. Galimotoyi anaikonda kuposa ife. Amadziwa kuti Colin McRae anapambana mpikisano wa dziko lonse wa galimoto zothamanga m'misewu ya fumbi m'chaka cha 1995 akuyendetsa Subaru, ndipo usiku ankagona mochedwa akuonera pa YouTube anyamata a maiko ena akuonjezera mphamvu injini zawo. Ankatiuza kawirikawiri kuti tikuiyendetsa ngati ngolo. Sabata ya ulendo isanafike tinatanganidwa, ndipo tinamtuma iye ku galaja ndi ndalama za oyilo, sefa ya oyilo ndi sefa ya mpweya. Anabwera madzulo galimoto ikupuma mokweza pang'ono, ndipo titafunsa anati ndi sefa yatsopano. Sitinatsegule boneti.

Apa tiyenera kuulula tchimo lathu. Lolemba masana, titapakira matumba awiri a feteleza, shuga, mchere ndi zofunda za kuchipatala, tinamva kuti galimoto ikukoka mwachilendo, ndipo zinatikomera. Pa chikweza china kupitirira Nathenje tinapitirira malole awiri otsatana mosavuta konse, ndipo m'malo modzifunsa kuti mphamvu imeneyi yachokera kuti, tinamwetulira ngati mnyamata. Mayi a kunyumba anatiyang'ana cham'mbali osanena kanthu. Mwana kumbuyo anali chete.

Dziko la ku Kasina m'mwezi wa Seputembala limakhala lofiira. Chimanga chinakololedwa kale, mapesi ali mbwee m'minda, tchire lapsa, ndipo anyamata amayendayenda ndi makasu kukumba mbewa. Kobiriwira ndi kumadimba kokha, kumene amayi amathirira kabichi, tomato, nyemba ndi mbatatesi ndi makheni, ndipo mbewu zimenezi ndizo mumaziona zitaunjikidwa m'mbali mwa msewu waukulu. Cha kumwera kumaoneka mapiri a Chongoni, kumene kuli mapanga a zojambula za makolo akale amene bungwe la UNESCO linawalemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse m'chaka cha 2006, ndiponso kumene ambiri a ife tinachitako maphunziro a akulu a mpingo pa malo a Namoni Katengeza. Pa Kasina penipeni pali mishoni yakale ya Aroma imene anayambitsa ansembe a White Fathers, pali chipatala, sukulu ndi msika, ndipo pa msikapo njinga zamoto za kabaza zimandanda pa mthunzi kudikira okwera. Anthu a kuno ndi Achewa, ndipo madzulo ena ng'oma za kudambwe ndi belu la tchalitchi zimamveka pamodzi. Fumbi lake ndi losalala ngati ufa woyera wosefa kawiri. Limalowa m'tsitsi, m'mano ndi m'chikwama chotseka.

Titangosiya msewu waukulu, pa kachikweza kena, tinaponda mafuta kuti tipitirire ngolo ya ng'ombe. Panamveka phokoso lakuti phu! pansi pa boneti, galimoto inatsamwa, utsi wakuda unatuluka kumbuyo, ndipo injini inazima. Poiliza inkangodzuka n'kufanso. Nthawi inali itapitirira 4 koloko. Mudzi unali udakali patsogolo, apongozi anali atasamba kale akudikira pa mphasa, ndipo tinadziwa kuti tikaphonya tsiku la ku Nkhoma sitidziwa kuti lina lidzapezeka liti. Mayi a kunyumba anatsika, nakhala pa chulu, nayamba kupemphera chamumtima.

Mnyamata wa kabaza anaima natiuza kuti pa msika pali mkulu wina wokonza zigayo ndi njinga zamoto. Tinakayika, pakuti chigayo ndi Subaru n'zosiyana, koma panalibenso kwina kolowera. Anabwera naye pambuyo pa theka la ola: nkhalamba ya imvi, yovala ovolosi yothetheka, korona ali m'khosi, zipangizo ziri m'thumba la feteleza. Anatipatsa moni mwaulemu, nafunsa mudzi umene tikupita, ndipo anapezeka kuti apongozi athu amawadziwa. Anatiuza kuti anakhala zaka zambiri ku Bulawayo akukonza malole, ndipo turbo anayamba kuigwira ife tisanakwatire.

Atatsegula boneti sanakhudze kanthu kwa kanthawi. Pamwamba pa injini ya galimoto zimenezi pali chinthu chonga rediyeta chotchedwa intercooler, chimene chimaziziritsa mpweya wochokera ku turbo, ndipo ndicho chifukwa chake boneti iri ndi kamwa pamwamba. Mkuluyo analoza payipi ya mphira yolumikiza chinthucho ndi injini. Inali itavuka, ndipo kilampu yake inali itathyoka. "Ichi n'chaching'ono, bambo," anatero. "Koma payipi sivuka yokha." Kenaka chala chake chinayenda mpaka pamene panayenera kukhala bokosi lakuda la sefa ya mpweya. Bokosilo panalibe. M'malo mwake panali chisefa chofiira chonga mtanga wovundikira nkhuku, chiri poyera, ndipo pafupi nacho, pa kapayipi kakang'ono, panali kavaluvu konyezimira kokhala ndi kopotokola.

"Anaika izi ndani?"

Panali zii. Ngolo ija inatipitirira, ng'ombe zikugwedeza mitu. Pomaliza mwana wathu anayankha ndi mau otsika, maso ali pansi: "Ndine, agogo." Ndalama za sefa anaziphatikiza ndi zake zimene anasunga, nagula zinthuzo kwa mnzake, naziika yekha.

Tinayembekeza kuti mkuluyo amkalipira, ndipo kunena zoona tinafuna kuti atero, koma iye anangoti, "Bwera kuno, mdzukulu wanga, undigwirire tochi." Anachotsa payipi yolowera ku turbo, napisamo chala, nachitulutsa chiri chofiira. Anamuonetsa mnyamatayo mapiko a kagudumu kaja, amene m'mphepete mwake munali mutayamba kukhakhala. Anamuuza kuti sefa yoteroyo imalowetsa mpweya wambiri chifukwa maso ake ndi aakulu, ndipo pa misewu yotsukidwa ya m'mafilimu mwina iribe vuto, koma kuno imamwetsa injini mchenga. Fumbi likagunda mapiko othamanga chotero limawadya monga mwala wonolera umadyera mpeni, ndipo lotsalalo limakapala m'masilinda. Anagwira kamtanda ka turbo naligwedeza uku ndi uku, makutu ali tcheru. "Ikadali moyo," anatero. "Mukanapita nayo ku Nkhoma ndi kubwerako kawiri katatu, bwenzi tikunena zina."

Za kavaluvu konyezimira anafotokoza motere. Pa turbo pali kachitseko kamene kamatseguka mpweya ukafika pa muyeso wake, kuti utsi wina ulambalale ndipo kagudumu kasapitirire liwiro. Kavaluvuko ntchito yake ndi kunamiza kachitsekoko kuti kachedwe kutseguka. Mphamvu imachulukadi, koma mpweya wopanikizika kwambiri umatentha, ndipo petulo amayamba kuphulika nthawi yake isanakwane. Injini zimenezi anazipangira petulo wapamwamba wa ku Japan, wa okiteni pafupifupi 100, pamene kuno pa pampu pamakhala petulo wa mtundu umodzi wokha, wosafika pamenepo, ngakhale amamsakaniza ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chigwa cha Shire. Kompyuta ya galimoto ikamva kugogoda imabweza moto pang'ono kuti iteteze injini, koma iri ndi malire. Ukaipitiriza malirewo, pisitoni imang'aluka. "Payipi iyi yakuchitirani chifundo," anatero mkuluyo. "Yavuka iyo kuti isasweke injini."

Mwamwayi bokosi lakale linali m'galimoto momwemo. Mnyamatayo analikulunga m'chiguduli nalibisa pansi pa mphira wa kumbuyo, sefa yake yakale ya pepala iri m'kati. Mkuluyo anaikuntha pa tayala, naiyang'anitsa pa dzuwa, nati idzatifikitsa. Kilampu anaichotsa pa payipi ya pampu yothirira imene inali m'thumba lake. Koma sipanala sanaigwire. Anakhala pa chitsa nalamula mwana wathu kuti achotse yekha zimene anaika ndi kubwezera chiri chonse m'malo mwake, iye akungoloza ndi kamtengo. Anamuuzanso kuti apukute mosamala kachipangizo koyeza mpweya, kamene mafuta a chisefa chofiira chija anali atakadetsa. Dzuwa likulowa injini inalira bwinobwino. Mtengo umene anatchula unali wochepa mochititsa manyazi, ndipo titaonjezera anabweza theka. Potsazikana anatikokera pambali nati, "Musam'menye ndi mau kwambiri. Ndayang'ana m'mene anamangira zinthu zija. Sanaphonye bawuti ngakhale limodzi."

Tinafika kumudzi kutada. Nkhani inali itatsogola kale pa kabaza, ndipo alamu athu, amene ndi amalume ake a mnyamatayo ndiponso eni mbumba, anafuna kuti mlandu ukambidwe pomwepo. Apongozi anakana. Anaitana mdzukulu wao, namgwira kumaso ndi manja onse awiri monga ankachitira chiyambire kusaona, nati, "Wafika, basi. Kadye."

Usiku, anthu atagona, tinamupeza atakhala pa boneti. Kum'mawa kunali kutatuluka kagulu kaja ka nyenyezi kamene Buku Lopatulika limakatcha Nsangwe m'buku la Yobu. Iye ndiye anatiuza kuti dzina lakuti Subaru m'chinenero cha ku Japan limatanthauza nyenyezi zomwezo, ndi kuti nyenyezi 6 za pa chizindikiro cha kutsogolo ndi zimenezo. Zaka 5 tinayenda nayo galimotoyo osadziwa. Kenaka anafunsa funso limene linali kum'vuta: "Bambo, ngati simufuna kuti ithamange, munaguliranji ya turbo?"

Inu makolo anzathu, funso limeneli silinali lachipongwe, ndipo sitinathe kuliyankha msanga, pakuti tinakumbukira malole awiri a ku Nathenje. Tinatenga kope lija m'kabokosi, tinayatsa tochi, ndipo tinawerenga naye tsamba ndi tsamba. Anaona maulendo amene analembedwamo: usiku umene tinathamangira ndi azakhali ake ku chipatala atatsala pang'ono kuchira, maliro atatu, ukwati wa msuweni wake, matumba a chimanga a chaka cha njala, abusa amene tinakawatula ku mpingo wa kutali mvula ikugwa. Pa mudzi wonsewo, ndi pa mbumba yonse ya m'tauni, galimoto ndi imodzi yomweyi. Tinamuonetsanso zimene zinali mu envelopu, ndipo tinamfunsa mtengo wa turbo ina ndi wa injini ina, pakuti mitengo amaidziwa kuposa ife. Anawerengera yekha napeza kuti turbo yokha ikanameza envelopu yonse ndi fizi ya mlongo wake. Anyamata a pa YouTube aja akaswa injini amagula ina, ndipo ena amalipidwa chifukwa cha kuswako. Tinamuuzanso kuti ife tinalakwa posatsegula boneti, ndiponso pokondwera ndi mphamvu imene sitinaifunse kumene yachokera. Chimene chinatipweteka koposa si chisefa chofiira ai, koma kuti anatiyankha theka la choona pamene tinamfunsa. Pamenepo analira, ndipo tinapemphera pamodzi.

Tinanyamuka 4 koloko m'bandakucha, apongozi atafunda bulangeti pa mpando wa kutsogolo. Tinabwerera ku Linthipe, ndi kukapatukira pa Kamphata kutsata tala wopita ku Nkhoma. Tinayenda pang'onopang'ono, khutu liri ku injini. Kunja kukuyera phiri linaima patsogolo pathu, ndipo m'munsi mwake munaoneka nyumba za njerwa zofiira za mishoni imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1896, ndi tchalitchi chimene ambiri a inu munalowamo. Pa chipatala cha maso tinapeza nkhalamba zambiri zitakhala pa mabenchi, iri yonse ndi mwana woigwira dzanja, ena ochokera kutali kuposa ife. Titaima, dzanja lathu linapita ku kiyi chifukwa cha changu, koma mau anachokera kumbuyo: "Dikirani kaye, Bambo, ipole." Tinadikira.

Anawachita opaleshoni diso limodzi, ndipo m'mawa mwake anachotsa bandeji. Za chimwemwe cha m'chipinda chimenecho tidzasimba tsiku lina. Koma potuluka panja apongozi anaima naiyang'anitsitsa galimoto imene anakhala akukwera zaka zonsezi osaiona bwino, nati, "Kani ndi yokalamba chonchi? Ine ndimayesa ndi yatsopano. Ndipo bwanji simuitsuka?"

Powabweza kumudzi tinaima pa msika wa Kasina kuti tibweze kilampu ya pampu, pakuti tinali titapeza ina. Mkulu uja tinampeza ali pansi pa injini ya chigayo, ndipo mwana wathu anatsala komweko masana onse akumpatsira zipangizo. Titabwerera ku Lilongwe tinagula sefa yeniyeni ya pepala, tinasinthanso oyilo ngakhale anali asanakwane makilomita ake, ndipo amakaniko anayeza mphamvu ya masilinda onse anayi. Atatu ali bwino. Imodzi yatsikirapo pang'ono, ndipo turbo ikamakoka pa chikweza imaimba kamluzu kamene kale kanalibe. Akuti tingayende nayo zaka ngati tisamala. Chisefa chofiira ndi kavaluvu kaja mnyamatayo anakagulitsa motchipa, ndipo ndalamazo anaziponya yekha mu envelopu. Chaka chotsatira anayamba maphunziro a umakaniko, ndipo kope la m'kabokosi tsopano amalemba ndi iye. Pa tsamba lomaliza walembapo ndi inki yofiira makilomita amene atsala kuti tisinthe lamba wa taimingi, ndipo pansi pake tsiku limene agogo ake ayenera kubwerera ku Nkhoma kukaonetsa diso linalo.